Kutera kwa ndege zing'onozing'ono: chitetezo chimayambira m'mwamba

Ndege zing'onozing'ono ndizo zimafika kumene ndege zikuluzikulu sizingafike. M'dziko muno zimatera pachilumba cha Likoma, ku Chelinda pamwamba pa mapiri a Nyika ndi pamabwalo adothi a m'malo osungirako nyama zakutchire. Paulendo wonse wa ndege zoterezi, ngozi zambiri zimachitika potera, ngakhale kuti zochuluka mwa izo zimathera pa kuwonongeka kwa ndege chabe. N'chifukwa chake ophunzitsa oyendetsa ndege amatsindika mfundo imodzi: kutera kwabwino kumakonzedwa ndege ikadali m'mwamba, ndipo zinthu zikapanda kulongosoka, woyendetsa ayenera kukweranso n'kuyambiranso.

Mphepo ndi kuzungulira bwalo

Ndege imatera moyang'ana kumene mphepo ikuchokera, chifukwa mphepo yakutsogolo imaithandiza kuima pamtunda waufupi. Woyendetsa amamva za mphepo pawailesi kuchokera kwa oyang'anira kayendedwe ka ndege, kapena amaona nsalu yooneka ngati thumba yomwe imapachikidwa pambali pa bwalo. Pabwalo lopanda ogwira ntchito, utsi wochokera m'minda umamuuza zomwezo.

Manambala olembedwa kumapeto kwa msewu woterapo ndege amasonyeza kumene msewuwo waloza pakampasi. Wa pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi uli ndi 14 mbali ina ndi 32 mbali inayo, kutanthauza madigiri 140 ndi 320. Woyendetsa amasankha mbali yomwe ikugwirizana ndi mphepo.

Isanatsike, ndege yaing'ono imazungulira bwalo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 300 kuchokera pansi. Kawirikawiri imakhotera kumanzere, mbali yomwe woyendetsa amakhala, kuti aone bwino ngati pamsewupo pali nyama, anthu kapena zithaphwi.

Liwiro ndi katsikidwe

Cessna 172, ndege ya mipando inayi yomwe idayamba kugulitsidwa mu 1956 ndipo ambiri amaphunzirirapo, imayandikira bwalo paliwiro la makilomita pakati pa 110 ndi 130 pa ola. Apa n'kuti woyendetsa atatsitsa ma flap, zigawo za kumbuyo kwa mapiko zomwe zimalola ndege kuuluka pang'onopang'ono osagwa.

Liwiro likachepa kwambiri, woyendetsa n'kupitiriza kukweza mphuno ya ndege, mpweya umaleka kuyenda bwino pamwamba pa mapiko ndipo mapikowo amataya mphamvu yonyamula. Izi zimaopsa kwambiri pokhota komaliza kuloza msewu, pomwe ndege ili pafupi ndi nthaka ndipo palibe mpata woti n'kuiwongola. Liwiro likachuluka, ndege imayandama pamwamba pa msewu osagunda pansi, msewuwo uku ukutha. Kungoonjezera liwiro ndi 10 peresenti kumatalikitsa mtunda woimira ndi pafupifupi 20 peresenti.

Katsikidwe kovomerezeka n'kopendekeka madigiri atatu, komwe ndi kutsika mamita pafupifupi 50 pa kilomita iliyonse. Pamabwalo akuluakulu pamakhala magetsi anayi otchedwa PAPI. Awiri akaoneka oyera, awiri ofiira, ndege ili panjira yoyenera. Onse akayera ili pamwamba kwambiri, onse akafiira yatsikitsa.

Kugunda pansi

Patatsala mamita ochepa, woyendetsa amachepetsa mphamvu ya injini n'kukweza mphuno pang'ono kuti matayala akuluakulu agunde pansi poyamba. Tayala lakutsogolo n'losalimba. Likayamba ndilo, ndege imanjanja ngati mpira, ndipo kunjanja kwachiwiri kapena kwachitatu kukhoza kulithyola.

Mphepo ikamaomba cham'mbali, woyendetsa amapendeketsa phiko la mbali yomwe ikuchokera, kwinaku akuwongola mphuno ndi zopondera za kumapazi kuti ilunjike msewu. Buku la Cessna 172 limasonyeza kuti ndegeyi idayesedwa pamphepo yam'mbali ya makilomita pafupifupi 28 pa ola, ndipo ambiri amatenga nambalayi ngati malire awo.

Kutentha, mapiri ndi mvula

Malo okwera ndi otentha amakhala ndi mpweya wopepuka. Bwalo la Kamuzu lili pamtunda woposa mamita 1,200 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pomwe Chelinda idaposa mamita 2,000. Masana a mwezi wa October, ndege imagunda pansi ikuthamanga kwambiri kuposa momwe ingachitire m'mamawa kukuzizira, ndipo injini imakhala ndi mphamvu zochepa zokwerera. M'nyengo ya dzinja, udzu wonyowa umachititsa kuti mabuleki asagwire bwino.

Chifunga ndi mitambo yotsika n'zoopsa koposa kwa ndege yomwe ikudalira maso a woyendetsa. Amalawi sadaiwale ngozi ya pa 10 June 2024, pomwe ndege ya asilikali ya Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa paulendo wa ku Mzuzu kunja kutaipa. Anthu 9 adamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Saulos Chilima. Pofuna kuti woyendetsa akhale ndi mpata wodikira kapena wopita kubwalo lina, malamulo a m'maiko ambiri amafuna kuti ndege yaing'ono inyamule mafuta oonjezera a mphindi zosachepera 30 paulendo wamasana.

Kukweranso

Bungwe la Flight Safety Foundation limalangiza kuti kunja kukamaoneka bwino, ndege ikhale italongosoka pofika mamita 150 kuchokera pansi: ilunjike msewu, liwiro likhale loyenera, katsikidwe kakhale kosasinthasintha. Chimodzi chikasowa, woyendetsa amapereka mphamvu zonse za injini, n'kuyamba kukwera, kenako amabweza ma flap pang'onopang'ono ndi kuzunguliranso bwalo. Oyendetsa ndege amatcha zimenezi go-around, ndipo wophunzira aliyense amaziyeserera asanaloledwe kuuluka yekha.

Chomwe chimavuta ndi mtima wofuna kufika basi. Manyazi, kuchedwa kapena nkhope za anthu olemekezeka omwe akwera zikhoza kukakamiza woyendetsa kuumirira kutera pomwe sipoyenera, chonsecho kuzungulira kamodzi kumangotenga mphindi zochepa.

Okwera nawonso ali ndi gawo lawo. M'ndege yaing'ono amakhala pafupi ndi woyendetsa, kotero ayenera kumanga lamba, kusunga katundu pamalo ake ndi kusamuyankhulitsa ndege ikayamba kutsika, pokhapokha ataona choopsa ngati ndege ina kapena nyama pamsewu. Injini ikalira mwamphamvu bwalo lili pafupi, ndege n'kuyamba kukweranso, asachite mantha kapena kudandaula za nthawi. Woyendetsa akanena kuti ulendo uimitsidwe chifukwa cha nyengo, mawu ake ndiwo omaliza.