Mabwinja a Great Zimbabwe: Makoma Amene Anakana Kunamiziridwa

Makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tawuni ya Masvingo, m'dziko la Zimbabwe, kuli mzinda umene mafumu ake anausiya zaka zoposa 500 zapitazo, koma makoma ake akadali chiimire. Mzindawu ndi Great Zimbabwe, likulu la ufumu umene makolo a anthu a mtundu wa Chishona anaumanga kuyambira cha m'zaka za m'ma 1100. Ambiri amamasulira dzinali kuti nyumba za miyala.

Mlendo amayamba ndi kukwera phiri podzera m'tinjira tothina pakati pa matanthwe. Pamwambapo ndi pamene pali malinga akale kwambiri, ndipo munthu akaima pamenepo amaona chigwa chonse. Akatsika amafika pa linga lalikulu, limene khoma lake ndi lotalika mamita 11 m'malo ena, ndipo kulizungulira lonse ndi mamita pafupifupi 250. Amisiri sanagwiritse ntchito matope kapena simenti. Ankaswa miyala ya m'mapiri oyandikira, kuisema, ndi kuisanja mwaluso moti kulemera kwake kokha ndiko kumaigwira. Mkati mwa lingalo muli nsanja yopanda khomo, yodzaza miyala yokhayokha, imene akatswiri ambiri amati ikufanizira nkhokwe, chizindikiro cha mfumu yodyetsa anthu ake.

Chuma cha mzindawu chinali ng'ombe, golide ndi minyanga ya njovu. Amalonda ankapita nazo kugombe la Indian Ocean, kudoko la Sofala, ndipo ankabwerako ndi katundu wakutali. Ofukula zakale apeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China ndi ku Persia, ndiponso khobidi la ku Kilwa, mzinda wa pachilumba umene lero uli m'dziko la Tanzania. Cha m'ma 1450 mphamvu ya mzindawu inayamba kuzilala. Ulamuliro unasamukira ku ufumu wa Mutapa kumpoto ndi ku Khami, pafupi ndi Bulawayo ya lero.

Tsoka lalikulu linadza patapita zaka mazana anayi. Mu 1871 Mjeremani wina, Karl Mauch, anafika pamalowa ndipo analengeza kuti wapeza nyumba yokhudzana ndi mfumukazi ya ku Seba yotchulidwa m'Baibulo. Atsamunda anailandira nkhaniyi ndi manja awiri, pakuti ngati munthu wakuda sanamangepo kanthu, kumulanda dziko kukanaoneka ngati chilungamo. Kuyambira mu 1902, Richard Hall, amene anapatsidwa udindo wosamalira malowa, anakumba ndi kutaya dothi lochuluka pofunafuna umboni wa anthu achilendo. Dothi limenelo ndilo linali ndi mapale ndi zotsalira za eni mudzi. Mbalame zosema pa mwala wofewa, zimene zodziwika zilipo 8, nazonso zinatengedwa n'kumwazikana, zina ku South Africa, chidutswa china ku Berlin.

Koma nthaka siinama. Mu 1905 David Randall-MacIver anafukula mosamala ndi kunena poyera kuti omanga anali Aafirika. Mu 1929 Gertrude Caton-Thompson anatsimikiza zomwezo. Ngakhale zinali choncho, boma la azungu la Rhodesia linapitiriza kupondereza choonadi m'mabuku otsogolera alendo, moti katswiri Peter Garlake, amene anakana kubisa zimene anapeza, anachoka m'dzikomo mu 1970. Ufulu utabwera mu 1980, dziko lonse linatenga dzina la mabwinjawa, ndipo mbalame ija inakhala pa mbendera. Mu 1986 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti mwala, ngakhale utalike chotani, sudziyankhulira. Makoma a mamita 11 anaima pamaso pa aliyense, komabe kwa zaka pafupifupi 100 omanga ake anakanidwa ulemu wawo, chifukwa olemba mabuku anali alendo, ndipo eni nthaka sanafunsidwe.

Mikanda yochokera kutsidya kwa nyanja yafukulidwanso ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la a Kalonga a Amaravi, umboni wakuti nawonso anali pa njira za malonda a kugombe lomwelo. Koma Mankhamba inamangidwa ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo wopita kumeneko sapeza khoma loti aloze. Mboni zake ndi mapale a m'nthaka ndi pakamwa pa akuluakulu. Ngati mzinda wa miyala unatha kulandidwa mbiri yake, mzinda wa dothi uli pa ngozi yoposa. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga. Gogo aliyense woikidwa m'manda asanafunsidwe za mafumu, za misamuko ndi za malire a makolo amapita ndi gawo la khoma la Mankhamba.