Miyala ya Fosifeti ku Tundulu ndi Kangankunde

Fosifeti ndi mchere wa m'nthaka womwe alimi a kwa Mwadzama ku Nkhotakota amaudziwira pa thumba la feteleza wa chitowe: pa manambala akale aja a 23:21:0+4S, 21 ndiye anali fosifeti. Wa m'thumbayo amachokera kunja, chonsecho mapiri ena a kummwera kwa dziko lino ali nayo miyala yake.

Mu 1937, Frank Dixey, yemwe ankatsogolera kafukufuku wa miyala mu Nyasaland, pamodzi ndi Campbell Smith ndi Bisset, anafalitsa zomwe anapeza m'mapiri a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mapiriwa ndi zotsalira za mapiri ophulika a zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mu 1962, M.S. Garson analemba mwatsatanetsatane za Tundulu, ku Phalombe, komwe kuli mwala wa apatite. Mwalawu susungunuka msanga m'munda. Umafuna asidi kuti usanduke feteleza, ndipo ichi ndi china chomwe chauchedwetsa kufika kwa mlimi. Ku Kangankunde, m'boma la Balaka, kuli monazite wobiriwira, fosifeti wonyamula cerium ndi lanthanum, yemwe kampani ya Lindian Resources inayamba kumulondola mu 2022.

Chochititsa chidwi kwenikweni chili m'kati mwa mwala. Apatite akakula bwino amakhala ndi mbali zisanu ndi imodzi ngati pensulo. M'katimo phosphorus aliyense wagwirana ndi ma oxygen anayi, calcium wakhala mozungulira, ndipo pakati patsala timipata totalika momwe mumakhala fluorine kapena chlorine. Kamangidwe kameneka sikakana mlendo: chitsulo china chikhoza kulowa pamalo pa calcium mwala osagumuka.

Izi ndi zomwe Alfred McKeag wa kampani ya GEC ku England anapezerapo mwayi mu 1942. Anapanga apatite wa ufa m'ng'anjo, nathiramo antimony ndi manganese pang'ono. Mu chubu cha magetsi, nthunzi ya mercury imatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso. Ufawo umakumeza, antimony n'kubweza kuwala kwa buluu, manganese kofiirira, ndipo zikasakanikirana diso limaona koyera. Ndiwo ufa woyera uja umamwazika pansi chubu chikasweka, ndipo unawalitsa masukulu, zipatala ndi masitolo kwa zaka makumi ambiri. Machubu a pambuyo pake anatenga kuwala kobiriwira ku fosifeti wa lanthanum wothiridwa cerium ndi terbium, yemwe kamangidwe kake n'kofanana ndi ka monazite wa ku Kangankunde.

Mababu a LED atayamba kulanda malo, fosifeti anasamukira m'mabatire. Mu 1997, gulu la John Goodenough ku Texas linali litafalitsa kale zotsatira zosonyeza kuti fosifeti wa lithium ndi chitsulo amasunga magetsi, ndipo lero ndiye ali m'mabatire a nyali zambiri za sola.