Alendo a ku Italy Anadutsa pa Nkope Osaima

Anzanga amene tinkadyera limodzi nyemba zofumbwa kusukulu kwathu kuja, mkonzi wandipempha kuti ndilembeko za mbiri, poti akuti ndine ndinkakonda phunziroli. Ndasankha kulemba za kwathu kunyanja, chifukwa cha zimene zinandichititsa manyazi chaka chatha.

Ofesi inandituma kuti ndiperekeze alendo asanu a ku Italy amene, atamaliza misonkhano ku Lilongwe, anafuna kukaona nyanja. Iwowa analipira kampani ina ndalama zambiri: galimoto yozizira m'kati, malo ogona apamwamba, ndi mnyamata wowafotokozera zonse za m'njira. Kwawo maulendo otere ndi akale. M'zaka za m'ma 1700 ana a anthu olemera a ku England ankatumizidwa kukazungulira Florence, Venice ndi Rome ali ndi mphunzitsi wowatsogolera, ndipo mu 1864 Thomas Cook anayamba kutengerako magulu a anthu olipira. Lero mlendo amaonetsedwa matchalitchi akale m'mawa, madzulo n'kukalawa vinyo m'minda ya mpesa ya ku Chianti. Mayi wina pagululo anandiuza kuti kwawo ngakhale khoma logumuka limadyetsa banja, malinga pali munthu wodziwa kulifotokoza.

Mnyamata wathu uja ntchito ankaidziwa, ndisamunamizire. Ku Cape Maclear anationetsa manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875 ndi sitima ya Ilala, nasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta. Anasimbanso nkhani imene ambirife sitinaiphunzire m'kalasi, yakuti mu 1949 ndi 1950 ndege za BOAC zotera pamadzi zinkaima pomwepo paulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg, alendo n'kugona m'hotela ya pagombe. Anzathu aja anasekerera atamva kuti ndegezo zinkaimanso ku Augusta, pachilumba chawo cha Sicily. Ulendo wa anthu andalama kunyanja kwathu sunayambe dzulo ayi.

Tsiku lachitatu tinanyamuka kulowera ku Mangochi. Titadutsa mphambano ya ku Monkey Bay n'kuyenda ndithu, ndinaona njira yokhotera ku Nkope. Ndinayembekeza kuti mnyamata anenapo kanthu. Iye anangoti kumeneko kuli mishoni ya Anglican ndi chipatala, basi, galimoto n'kumapitirira. Mtima unandipweteka, koma poti ndinali woperekeza chabe, ndinayamba ndakhala chete.

Paja dzina la Nkope ine ndinakalipeza ku yunivesite, m'mabuku a akatswiri ofukula zakale, ngakhale kuti ndili mwana ndinkasambira pafupi pomwepo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, K.R. Robinson anakumba pagombe la Nkope mothandizana ndi nthambi ya boma yosunga zinthu zakale, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1970. Anafukula mapale a miphika ndi mbale zadothi, za milomo yokhuthala, zokongoletsedwa ndi mizere, pamodzi ndi zizindikiro zakuti eni ake ankadziwa ntchito ya chitsulo. Zitayezedwa, zinaonetsa kuti anthuwa anali pamenepo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Kuyambira pamenepo, mapale a mtundu umenewu akapezeka kwina kulikonse, kaya ku Chigwa cha Shire kaya kwina m'chigawo cha kummwera, akatswiri amawatchula dzina la Nkope. Mtundu wina umene unadza pambuyo pake, umene ambiri amaugwirizanitsa ndi Amaravi, umatchedwa Mawudzu, dzina la phiri la m'dera lomwelo.

Taganizani, anzanga. Mfumu yomaliza ya Aroma a kuzambwe inachotsedwa pampando mu 476. Ndiye kuti pamene Rome anali adakali ndi mafumu ake, pa Nkope panali kale mudzi, amayi akuumba, abambo akubwera ndi nsomba. Aphunzitsi athu, Mulungu awadalitse, ankatiyambira mbiri ya nyanja pa 1859, chaka chimene David Livingstone anaiona, ndipo ife tinkaloweza kuti tikhoze mayeso. Mnyamata uja anangolandira zomwezo. Sindimuimba mlandu.

Pa boma la Mangochi zoonetsa zinali zambiri, ndipo zonse zinali za nthawi ya atsamunda: Fort Johnston wa 1891, amene Harry Johnston anamanga moyang'anana ndi mudzi wa Mponda pofuna kutseka njira ya akapolo, nsanja ya wotchi ya 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti ya sitima ya Guendolen imene inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Alendo anajambula zithunzi, nafunsa za Bishopu Alessandro Assolari, mnzawo wa ku Italy amene anali bishopu woyamba wa Akatolika ku Mangochi kuyambira 1973.

Madzulo, tikudya chambo, ndinalephera kupirira, ndipo ndinawasimbira za mapale aja. Mayi uja anaika foloko pansi nandifunsa chifukwa chimene sitinaimire. Ndinasowa poyambira. Mmawa mwake anaumirira kuti tibwerere, ngakhale kuti sizinali pandandanda, ndipo dalaivala anang'ung'udza za mafuta.

Tinafika pa Nkope dzuwa litakwera. Asodzi anali kusoka maukonde, usipa uli pathandala. Ndinafunsa anyamata awiri a sekondale ngati akudziwa pamene panakumbidwa, koma anangoyang'anana. Nanenso malo enieniwo sindinawadziwe, digiri yanga ili m'thumba. Tinangoima pamchenga, ine n'kumaloza uku ndi uku. Mayi uja anajambula phiri ndi gombe, ndipo mnyamata wa kampani anatulutsa kabuku kake nandipempha kuti ndimutchulirenso dzina la Robinson ndi zaka zija pang'onopang'ono.

Ndapempha komiti kuti ulendo wa bungwe lathu wa chaka chino ukhale wa ku Nkope, ndipo ndalembera a nthambi yosunga zinthu zakale kuti atipatse munthu wokatilozera malowo. Amene muli ndi ana a sekondale mubwere nawo. Za basi ndi zopereka mumva kwa msungichuma.