Mmene Anthu Adaphunzirira Kukonza Mawu a Mahedifoni

Mwa zipangizo zonse zimene munthu adapanga kuti azimvera nyimbo, palibe china chimene chimayandikira thupi lake monga mahedifoni, pakuti wailesi imakhala patebulo ndipo sipika imaima pakona pa nyumba, koma iwowa amakhala pakhutu penipeni, nalankhula ndi munthu mmodzi yekha. Chifukwa cha kuyandikira kumeneko, mawu awo sadakhalepo chinthu chimene mmisiri angatsirize m'fakitale nanena kuti ntchito yatha. Khutu la womvera, kukula kwa mutu wake, ngakhale tsitsi ndi magalasi ake, zonsezi zimalowa m'ntchitoyo. Apa ndipo padachokera mwambo wokonza mawu a mahedifoni, kaya ndi ikwalayiza, kaya posintha masiponji ndi kuika thonje mkati, mwambo umene mbiri yake iyenera kukambidwa mofatsa.

Makolo a mahedifoni adabadwira m'nyumba za lamya, kumene olumikiza mafoni ankafuna kumva bwino manja awo ali pa ntchito. Pofika chaka cha 1895 kampani ya Electrophone ku London idayamba kutumiza masewero ndi mapemphero a m'matchalitchi kudzera pa waya wa lamya, ndipo olembetsa ankakhala m'nyumba zawo atagwirizira timasipika kumakutu. Mu 1910 Nathaniel Baldwin wa ku Utah, m'dziko la America, adapanga mahedifoni patebulo la m'khitchini mwake, ndipo asilikali apamadzi a dzikolo, atayesa naona kuti amamveka koposa ena onse amene adali nawo, adaitanitsa 100. Chimene chinkanjenjemera mkati mwa zipangizo za masiku amenewo kawirikawiri chidali kambale kachitsulo, kotero kuti mawu adali opyapyala, opanda besi. Komatu padalibe wodandaula, popeza ntchito yake idali kumvetsa mawu a munthu ndi kulira kwa Morse, ndipo zokometsera nyimbo zidali zisanalowe m'mitima ya amisiri.

Nalo luso la ikwalayiza lidachokera kunyumba yomweyo ya lamya. Amisiri adaona kuti waya akatalika amadya mawu apamwamba koposa apansi, ndipo kuti mawu afike monga adanyamukira adapanga tizipangizo tolinganiza zimene wayayo adasokoneza. Nzeruyi idalowa m'nyumba za kanema cha m'ma 1930, pamene John Volkmann wa kampani ya RCA adapanga chipangizo chotheka kuchisintha malinga ndi chipinda. Idalowanso m'mbale za galamafoni, zimene pozijambula ankachepetsa dala besi kuti mizere isatakate, nakweza mawu apamwamba kuti aphimbe phokoso, ndipo makina oimbira ankabweza zonsezi m'malo mwake, mwa muyeso umene bungwe la RIAA lidakhazikitsa mu 1954. Munthu wamba adalandira gawo lake mu 1952, pamene Mngelezi Peter Baxandall adafalitsa njira yosavuta yokwezera ndi kutsitsira besi ndi mawu apamwamba, ndipo mabatani awiri aja amene ambiri tidawazungulitsa pa mawailesi akaseti ndi adzukulu a ntchito yake. Pomaliza, mu 1972, George Massenburg adalongosola ikwalayiza imene imalola mmisiri kusankha zinthu zitatu: malo enieni a mawu amene afuna kukhudza, kutakata kwa malowo, ndi kuchuluka kwa zimene achotse kapena kuwonjezera.

M'zaka zomwezo mahedifoni adali kutuluka m'maofesi nalowa m'nyumba za okonda nyimbo. Eugen Beyer wa ku Berlin adatulutsa DT 48 mu 1937. John Koss wa ku Milwaukee adabweretsa mahedifoni a sitiriyo mu 1958. Kampani ya Sennheiser idatulutsa HD 414 mu 1968, otseguka kumbuyo, opepuka, amene adatchuka ndi masiponji awo achikasu. Ndipo mu 1979 Sony idaika Walkman m'matumba a achinyamata. Pamene anthu miyandamiyanda adayamba kumvera nyimbo motere, padauka funso limene poyamba linkaoneka lopepuka, koma lidasautsa akatswiri kwa zaka makumi angapo: kodi mawu oona a mahedifoni ndi otani?

Kwa sipika yankho lidali lodziwika, kuti itulutse mawu onse mofanana, osakondera apansi kapena apamwamba. Koma mahedifoni opangidwa mwa lamulo limenelo, kuti mawu onse afike ofanana pa nembanemba ya mkati mwa khutu, amamveka ogontha ndi opanda moyo, ndipo chifukwa chake chili m'mapangidwe a munthu mwini. Mawu ochokera kutali amayamba agunda mapewa, mutu ndi makwinya a khutu lakunja, kenaka nalowa m'ngalande ya khutu, yotalika pafupifupi masentimita awiri ndi theka, imene imakuza mawu a pafupi ndi 3,000 hertz ndi madesibelo oposa 10. Ubongo udazolowera kukuzako kuyambira ukhanda, ndipo kukasowa umamva kuti china chalakwika. Ndiponso Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Laboratories adaonetsa mu 1933 kuti khutu silimva mawu onse mofanana, ndi kuti voliyumu ikatsika besi ndiye amayamba kuzimirira. Tiwonjezepo ichi, kuti besi wa sipika amamveka ndi chifuwa chomwe, ndipo makoma a chipinda amamkuza, pamene wa mahedifoni amathera pakhutu pokha.

Motero amisiri adayamba kufunafuna muyeso. Poyamba adatsanzira mawu a sipika imodzi yoima kutsogolo kwa munthu m'chipinda chopanda mawu obwerera. Pambuyo pake, makamaka Günther Theile wa ku Munich atalemba za nkhaniyi mu 1986, ambiri adatsata mawu obwera mofanana kuchokera kumbali zonse, ndipo mahedifoni ambiri a ku Germany ndi ku Austria adapangidwa mwa chiphunzitso chimenecho, omveka bwino koma ochepa besi. Kuyambira mu 2012 Sean Olive ndi Todd Welti a kampani ya Harman ku California adatenga njira ina, yofunsa makutu a anthu eni ake: adawamvetsera nyimbo osawauza dzina la chipangizo kapena mtengo wake, nawapatsa mabatani kuti adzikonzere okha. Adapeza kuti ambiri amakonda mawu ofanana ndi a sipika yabwino m'chipinda chabwino, okhala ndi besi wokwererako. Koma adapezanso kuti ngakhale anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse amakhutira ndi muyeso umenewo, otsalawo amagawikana, ena kufuna besi wochuluka, ena wocheperapo. Kafukufuku wozama koposa adathera pa kuvomereza chimene womvera wamba ankachidziwa kale, kuti muyeso umodzi sungakwane makutu onse.

Pamene akatswiri adali m'zipinda zoyesera, kudalinso khamu lina la anthu opanda mayina otchuka, amene zida zawo zidali sikuludiraiva, lumo, tepi ndi kudekha. Oimba ng'oma kwathu kuno amadziwa kuti ng'oma yotuluka m'manja mwa wosema siinathe: amaiwamba pamoto kuti mawu akwere, naimata phula pakati pa chikopa kuti igunde mozama. Chimodzimodzi anthu awa adazindikira kuti sipika ya mahedifoni siimba yokha, koma pamodzi ndi mpweya wotsekeredwa kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndipo wosintha mpweyawo wasintha nyimbo. Phunziro lawo loyamba lidali masiponji a kumakutu. Siponji yachikopa yomata bwino imasunga besi, yansalu imapumitsa khutu koma imataya besi wina. Siponji yakale yophwatalala imayandikizitsa sipika kukhutu nisintha mawu mwakachetechete, kotero kuti mwini amadandaula kuti mahedifoni akalamba pamene chakalamba ndi siponji chabe. Ndipo mwendo wa magalasi ukatsegula kampata kakang'ono pambali pa mutu, besi amathawira pomwepo.

Kuchokera apo luso lidakula. Eni mahedifoni a Grado, opangidwa ku Brooklyn, amene mawu awo apamwamba amalasa makutu ena, ankawaveka masiponji achikasu aja a HD 414, atawaboola pakati bowo la kukula kwa ndalama yachitsulo ya 25 cents, kapena ankakulunga tepi m'mphepete mwa siponji kuti besi asatayike. Eni Sennheiser HD 555 adapeza kachidutswa ka siponji komatidwa mkati, kumbuyo kwa sipika, ndipo ambiri atakamatula adachitira umboni kuti mawu ayandikira a HD 595, amene adali okwera mtengo. Koma mfumu ya zonsezi idali Fostex T50RP wa ku Japan, wotsika mtengo, wa sipika yabwino yokhala m'chigoba chosalongosoka. Munthu ankamasula timasikuluwu, namata dongo limene ana amaumbira zidole pathabwa logwira sipika kuti lisanjenjemere, nayala thonje m'chigoba kuti limeze mawu obwerera, natseka ndi tepi gawo lina la timabowo ta mpweya. Kenaka ankamanganso, namvera nyimbo imene amaidziwa bwino, namasulanso kuti achotseko thonje pang'ono, pakuti likachuluka besi amafa, likachepa mawu amachita phokoso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero akale, ndipo ntchito imeneyi idali ya odekha okhaokha.

Zipatso zake zidaoneka poyera. Dan Clark wa ku San Diego adayamba mu 2012 kugulitsa T50RP wokonzedwa, amene adamutcha Mad Dog, ndipo Zach Mehrbach wa ku Chicago adayambanso ndi chipangizo chomwecho. Lero onse awiri ali ndi makampani opanga mahedifoni awoawo olemekezeka. Ngakhale HD 800 wa Sennheiser, amene adatuluka mu 2009 ndi mtengo woposa madola 1,000, sadapulumuke m'manja mwa anthuwa, pakuti adali ndi liwu lolasa pafupi ndi 6,000 hertz, ndipo eni ake ankamata tizidutswa ta nsalu yaubweya mkati kuti aliziziritse. Patapita zaka, kampaniyo idatulutsa HD 800 S, woikidwa kachibowo komeza liwu lomwelo, mwa nzeru ya Hermann von Helmholtz ya zaka za m'ma 1800. Mutu umodzi susenza denga; chimene makutu a ogula adatsutsa, fakitale idadzachikonza.

M'masiku athu ano ikwalayiza ya Massenburg, imene kale idali chuma cha nyumba zojambulira nyimbo, yalowa m'kompyuta ndi m'foni, ndipo Jaakko Pasanen wa ku Finland adapanga AutoEq, pulogalamu yaulere imene imatenga miyeso ya mahedifoni zikwi zingapo niwerengera zoyenera kuchotsa ndi kuwonjezera pa alionse. Komabe malangizo amene mibadwo ya okonza idasiya sadasinthe. Choyamba konza chogwirika, masiponji ndi kakhalidwe ka mahedifoni pamutu, pakuti ikwalayiza siingabweze besi amene akuthawira pampata. Kuchotsa mawu opambanitsa kuli bwino koposa kukweza osowa, ndipo wokweza besi ndi madesibelo asanu atsitse voliyumu yolowera ndi asanu omwewo, kuti mawu angasweke. Sintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, usamate ndi guluu chimene ungadzafune kuchotsa, ndipo pa mawu apamwamba kwambiri khulupirira khutu lako koposa chithunzi cha miyeso, popeza kumeneko makutu a anthu amasiyana kotheratu.

Ine ndiyesa mwambo uwu chinthu cholemekezeka, chifukwa umaphunzitsa munthu kumvetsera, ndiponso umamchotsera mtima woganiza kuti mawu abwino ndi a olemera okha, pakuti masiponji atsopano ndi kukonza kwa madesibelo awiri kapena atatu nthawi zambiri zimachita zimene ndalama zambiri sizikadachita. Ulinso ndi phindu lina loposa kukoma kwa nyimbo. Kawirikawiri munthu amakweza voliyumu pofunafuna besi kapena liwu la woimba limene mahedifoni ake akubisa, ndipo potero amathira m'khutu mawu ena onse mopyola muyeso. Bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti wamkulu asapyole madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, popeza timinyewa ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Wokonza bwino mahedifoni ake amapeza zimene amafuna voliyumu ili pansi, ndipo adzakhala akumvabe nyimbo, ulaliki ndi mawu a adzukulu ake mpaka mu ukalamba.