Mtengo wa unyolo ndi mbiri ya alendo ku Wayanad

Munthu wochokera ku Kozhikode, mzinda wa m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Kerala ku India, akafuna kufika m'boma la Wayanad amakwera msewu wa Thamarassery. Msewuwo umakhotakhota m'makona akuthwa okwana 9, ndipo potulukira pamwamba, pa Lakkidi, nkhungu itakuta mapiri, pali mtengo wa mtundu wa kachere umene anaukoleka unyolo wachitsulo. Alendo amaima, kujambulitsa, n'kupitiriza ulendo. Kwa ine, mbiri ya ulendo wokaona malo ku Wayanad imayambira pamtengo umenewu.

Anthu anayamba kalekale kukwera mapiriwa, koma sankapita kukasangalatsa maso. Amakedzana anagoba zithunzi za anthu ndi nyama m'phanga la Edakkal zaka zikwi zapitazo. Ahindu ankapita ku kachisi wa Thirunelli, m'munsi mwa phiri la Brahmagiri, kukachita miyambo ya makolo awo amene anamwalira. Achipembedzo cha Jain anamanga kachisi wamiyala amene pambuyo pake Tipu Sultan, mfumu ya ku Mysore, ankasungiramo zida, n'chifukwa chake tauniyo imatchedwa Sultan Bathery. Tipu ataphedwa mu 1799, Angerezi anatenga derali, ndipo mfumu Pazhassi Raja, mothandizidwa ndi akatswiri a uta a mtundu wa Kurichiya, analimbana nawo m'nkhalango mpaka imfa yake mu 1805. Manda ake ali ku Mananthavady.

Tsono tibwerere kumtengo kuja. Nkhani imene akuluakulu a kumeneko amasimba ndi yakuti Angerezi anavutika kupeza podzera kuchokera kuchigwa kukafika kumapiri. Amene anawathandiza anali Karinthandan, mkulu wa anthu a mtundu wa Paniya, amene ankadziwa tinjira ta m'nkhalango monga adziwira khomo la nyumba yake. Iye anatsogolera injiniya wachizungu mpaka pamwamba. Atafika, mzunguyo anamupha kuti ulemu wotulukira njirayo ukhale wake yekha. Kuyambira pamenepo apaulendo anayamba kuona ngozi, ndipo anthu anati mzimu wa wophedwayo wakwiya. Anaitana wansembe amene anaumangirira kumtengo ndi unyolo.

Ena amati iyi ndi nthano chabe yoopsezera ana. Ine sindivomereza. Nkhani yoyenda pakamwa ikhoza kusintha dzina kapena chaka, koma siyiiwala chimene chinawawa anthu. Injiniya wobwera ndi zipangizo zake zopimira sangadziwe kumene njovu zimadutsa, kumene nthaka imaterera nthawi ya mvula, ndi mtsinje umene umadzaza mwadzidzidzi. Zimenezi amadziwa ndi munthu wofula njuchi ndi wokumba zilazi m'tchiremo. Pamalo otsetsereka ngati Thamarassery, msewu umatsata mapazi a eni nkhalango. Popanda msewuwo sipakanakhala minda ya khofi ya Angerezi, sipakanakhala mabasi, sipakanakhalanso alendo, pakuti mpaka lero njanji siyinafike m'boma la Wayanad. Choncho amene akufuna tate wa ntchito yokopa alendo kuderali asamufune m'maofesi a ku Thiruvananthapuram, likulu la Kerala. Ali pa Lakkidi, womangidwa kumtengo. Ndipo chimandipweteka n'chakuti unyolowo anaukoleka pofuna kuteteza apaulendo, osati pofuna kupepesa wophedwayo.

Msewu utatseguka, anabwera alimi a khofi, kenako ofuna golide cha m'ma 1880, amene makampani awo a ku London anataya ndalama zambiri, kenako alimi a tiyi. M'zaka za m'ma 1890 Fred Fawcett, mkulu wa apolisi ku Malabar, anafika ku Edakkal, ndipo mu 1901 analemba za zithunzi za m'phangamo m'magazini ya Indian Antiquary. Mabuku a alendo amati ndiye anatulukira phangalo. Ndimamuyamikira chifukwa anachita chidwi n'kulemba mosamala, koma anthu okhala m'munsi mwa phiri la Ambukuthi, kumene kuli phangalo, ankalidziwa iye asanabadwe.

Eni nkhalango aja zinawathera bwanji? Kwa zaka zambiri, pa chikondwerero cha pachaka cha ku kachisi wa Valliyoorkavu, eni minda ankapatsa a Paniya ndi a Adiya kandalama kochepa kowamangirira kugwira ntchito chaka chonse, mchitidwe wokumbutsa thangata. Malamulo anauthetsa m'zaka za m'ma 1970. Pofika nthawiyo, alimi ochokera ku Travancore, kumwera kwa Kerala, amene anayamba kusamukira kuno kwambiri m'ma 1940, anali atadzaza zigwa ndi tsabola wakuda ndi khofi. Mu February 2003 anthu a mitundu ya m'nkhalango amene anamanga misasa ku Muthanga pofuna malo olima anachotsedwa ndi apolisi, ndipo panatayika miyoyo. Muthanga yemweyo ndi kumene alendo amakwera magalimoto m'mamawa kukaona njovu.

Tibwerere ku nkhani ya alendo. Malo osungira nyama a Wayanad anakhazikitsidwa mu 1973, ndipo boma la Wayanad linabadwa pa 1 November 1980, likulu lake ku Kalpetta. Koma chimene chinatsegula zitseko kwa alendo ndi umphawi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 mitengo ya khofi ndi tsabola inagwa, ngongole zinakula, alimi ena anadzipha. Mabanja ambiri anayamba kugoneka alendo m'nyumba zawo za m'minda. Nthawi yomweyo achinyamata olandira bwino ku Bengaluru ankafuna kothawirako kumapeto a sabata. Anayamba kukwera phiri la Chembra, lalitali mamita pafupifupi 2,100, kukaona kanyanja kooneka ngati mtima, kukwera mabwato padamu la Banasura Sagar ndi panyanja ya Pookode, ndi kuwoloka paphaka la nsungwi kupita pachilumba cha Kuruva mumtsinje wa Kabini. Mahotela anamera m'mapiri ngati bowa.

Mu 2011 komiti ya katswiri wa zachilengedwe Madhav Gadgil inachenjeza kuti mapiri a Western Ghats, amene Wayanad ali mbali yake, sangapirire kugumulidwa ndi kumangidwa mosasamala. Ambiri anakana malangizowo. Mu 2019 phiri linagumuka ku Puthumala. Usiku wa pa 30 July 2024, mvula yoopsa itagwa, napolo anatsika kuchokera m'nkhalango n'kukokolola midzi ya Mundakkai ndi Chooralmala, ndipo anthu oposa 200 anafa, ambiri mwa iwo a m'mabanja ogwira ntchito m'minda ya tiyi. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Mulanje mu 2023 safuna kuwafotokozera.

Mu 2022 anatsegula mudzi wa En Ooru pafupi ndi Pookode, kumene anthu a mitundu ya m'nkhalango amagulitsa zakudya ndi zoluka zawo. N'chiyambi chabwino, koma n'chochepa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse ku Wayanad ndi wa mitundu imeneyi. Akuluakulu a Kerala aleke kupereka zilolezo zomanga mahotela m'malo otsetsereka, ndipo ntchito yotsogolera alendo ku Chembra, ku Muthanga ndi ku Edakkal aipereke choyamba kwa zidzukulu za Karinthandan.