Ekala ndi bwinja

Mlimi akamati "chaka chino ndalima maekala awiri", m'mawu akewo muli ng'ombe za ku England zimene zinafa kalekale. Ekala tinabwereka ku mawu a Chingerezi akuti acre, amene m'Chingerezi chakale anali æcer, kutanthauza munda basi. Patapita nthawi anasanduka muyeso wa malo amene ng'ombe zapagoli zinkalima pa tsiku limodzi.

Ekala imeneyo inali kamunda kowonda, mayadi 22 m'lifupi koma mayadi 220 m'litali. Utaliwo uli ndi dzina lake, furlong, lochokera ku furh, kangalande kamene pulawo imasiya, ndi lang, kutalika. Pulawo ya nthawiyo inali yolemera, yokokedwa ndi ng'ombe mpaka 8, ndipo kuikhotetsa chinali chintchito. Mlimi ankangoti bola kupita kutali asanatembenuke.

Minda ya nthawiyo inalibe mipanda. Banja lililonse linkakhala ndi timizere take tomwazikana m'munda waukulu wa mudzi wonse, kuti pachonde ndi pouma pomwe aliyense alaweko. Popeza pulawo inkagwetsera dothi mbali imodzi chaka ndi chaka, pakati pa kamunda kalikonse panatukuka. Si mizere yathu ija yogumula ndi kuunganso ndi khasu chilimwe chilichonse ayi. Iyi ndi mitumbira yotakata mamita angapo, ndipo dzuwa likapendeka imaonekabe pansi pa udzu, yambiri itakhota kumapeto, pamene ng'ombe zinkayambira kutembenuka.

Malo amene panali mudzi wa alimi oterowo Angerezi amawatchula ndi mawu atatu, deserted medieval village. Ife timangoti bwinja, ndipo ine ndimaona kuti athuwa ndi olemera, chifukwa ukawamva umaona kale mapale, phulusa ndi nsatsi zomera zokha. Bwinja lotchuka kwambiri kumeneko ndi Wharram Percy ku Yorkshire, limene Maurice Beresford ndi John Hurst analifukula kwa zaka pafupifupi 40, mpaka 1990. Pa za kutha kwa mudziwu, ambiri amaloza chala mliri wa 1348 ndi 1349. Unapha anthu, inde, koma mudziwo unapitirira. Mabanja otsiriza anachotsedwa cha m'ma 1500, mwini malo ataona kuti ubweya wa nkhosa ukupindulitsa kuposa tirigu. Nkhosazo ndi zimenenso zinasunga mitumbira ija m'midzi yambiri yotere, poti pabusa panalibenso wodutsitsapo pulawo.