Kusula

Kusula ndi kuwotcha chitsulo mpaka chifiire, kenaka kuchimenya kapena kuchipana kuti chitenge maonekedwe ofunika, osachisungunula. Ndi zimene amisiri a makasu ndi nkhwangwa amachita pa chipala. N'chifukwa chakenso timati koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imasula aphunzitsi, pakuti chosulidwa chimalimba. Mawuwa tisawasokoneze ndi kuumba, komwe chitsulo chosungunuka chimathiridwa m'chikombole. Kusiyanaku kumaonekera bwino pa crankshaft, chitsulo chokhotakhota cha mu injini chimene chimasandutsa kukwera ndi kutsika kwa mapisitoni kukhala kuzungulira. Yosula imakhala yothinana mkati, mitsempha ya chitsulo itatsata makhotedwe ake, motero imapirira kupindidwa kobwerezabwereza. Youmba ikhoza kubisa timphako momwe mng'alu umayambira.

Ena anganene kuti youmba ndi yotsika mtengo, ndipo magalimoto ambiri amayenda nayo zaka zochuluka. N'zoona, pa injini yosapanikizidwa imakwanira. Koma injini ikawonjezeredwa mphamvu, monga ya galimoto ya mpikisano, chitsulo chimatopa msanga, ndipo crankshaft ikathyoka imatha kuwononga injini yonse. Choncho makaniko wokonza injini yotere afunsitse asanagule: yosula kapena youmba?